Mkanda wa m'ng'anjo ndi mkanda wa mumtengo

Ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mu Lilongwe, kapena m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, amayala mikanda ya mitundu iwiri pa chitenje chimodzi. Uku kumakhala ya galasi, ing'onoing'ono ndi yowala, yotungidwa pa waya n'kusanduka nalimata, tambala kapena duwa. Uko kumakhala ya mbewu ndi ya mitengo: njere zakuda za msambamfumu zokhala ndi kachipewa kofiira, njere za lukina, tizidutswa ta nsungwi, timibulu ta phingo. Mlendo wochokera kunja dzanja lake limagwera pa ya mbewu, poti kwa iye imeneyo ndiyo ya kuno, ya galasi ndi yobwera. Mayi wa ku Kawale akafuna chokongoletsera pabalaza amaloza ya galasi, ati ya mbewuyo n'zakumudzi. Onse awiri agula mbiri imene aiganizira. Funso limene sanafunse ndi lakuti mkandawo ukakakhala pati ukafika kunyumba, pawindo kodi, pakhomo, pathebulo kapena m'manja mwa mwana.

Zoti galasi ndi mlendo n'zoona, koma ndi mlendo amene anafika kalekale, manda a agogo ake ali konkuno. Pa Chibuene, m'mbali mwa nyanja ya mchere kufupi ndi Vilankulo ku Mozambique, ofukula zakale anapeza mikanda ya galasi imene inatsika m'ngalawa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo kuchoka pamenepo inkakwera kumtunda mpaka kuchigwa cha Limpopo. M'manda a mafumu pa phiri la Mapungubwe, a m'zaka za m'ma 1200, munali mikanda ya galasi miyandamiyanda pamodzi ndi golide. Ku Zambia, pa Ingombe Ilede kufupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anatulukira manda okhala ndi mikanda ya golide ndi ya galasi. Kwathu kuno a Yusuf Juwayeyi, atafukula pa Mankhamba, likulu la a Kalonga kufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China zitasakanikirana ndi mapale ndi zitsulo za Amaravi. Mikanda yoyambirirayo inkachokera ku Asia. Ya ku Ulaya inadzasefukira pambuyo, makamaka m'zaka za m'ma 1800, pamene amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili ankatsikira ku Kilwa ndi minyanga n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Tisabise, m'katundu wopita kugombeyo munalinso anthu.

N'chifukwa chake galasi lili mkatikati mwa miyambo yathu. Mikanda imene amavala Angoni povina ingoma pa Umthetho ku Hora, pa Umhlangano ku Ntcheu kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni ndi ya galasi. Ya m'chiuno nayo, ija anamkungwi amalangiza tanthauzo la wofiira, woyera ndi wakuda, ndi ya galasi. Palibe gogo amene anaitchapo ya chizungu.

Komabe wamkulu pa awiriwa ndi wa kutchire. M'phanga la Blombos ku South Africa munapezeka tizigoba ta nkhono za m'nyanja tobooledwa zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Ku Enkapune Ya Muto ku Kenya kunapezeka mikanda ya chigoba cha dzira la nthiwatiwa ya zaka ngati 40,000. Patsinde pa phiri la Hora ku Mzimba, komwe kuja kuli Umthetho, anthu ankasema mikanda ku zigoba za nkhono za kumtunda zaka zoposa 9,000 zapitazo. Zonsezi ndi zigoba, zinthu zolimba. Mikanda ya mbewu ndi ya mitengo, imene iyenera kuti inali yochuluka kuposa pamenepa, kawirikawiri sipezeka m'nthaka chifukwa inawola. Kusiyana koyamba ndi komweku. Mkanda wa galasi unafa kale m'moto, sungasinthenso. Wa mbewu ukadali chakudya cha chinachake.

Kapangidwe ka mikanda ing'onoing'ono ya galasi n'kodabwitsa chifukwa palibe amene amaiboola. Mchenga, soda ndi laimu amazisungunula m'ng'anjo yotentha madigiri oposa 1,000. Kale ku Murano, chilumba chimene boma la Venice linasamutsirako ng'anjo za galasi mu 1291 poopa moto mumzinda, mmisiri ankatapa phala la galasilo pa ndodo yachitsulo n'kulisiyira mphako pakati. Mnzake ankamata ndodo ina kunsonga, ndiye awiriwo n'kumayenda chofulatirana, galasi likukokeka n'kumawonda mpaka kusanduka kapaipi kotalika mamita ambirimbiri, mphako ija ili momwemo kuyambira uku mpaka uko. Kakazizira ankakadula tizidutswa. Tizidutswato tinkatuluka takuthwa, choncho ankatseka timabowo ndi makala osinja osakaniza ndi laimu, n'kutizunguza mumgolo wamoto pamodzi ndi mchenga mpaka m'mphepete mutabulungika. Otunga ake anali amayi a mu Venice, atakhala pakhomo mbale yathabwa ili pamiyendo, m'dzanja muli singano zazitali zambiri zimene ankazinyika mu mikandamo nthawi imodzi. Mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba luso la mikanda ya galasi la ku Italy ndi ku France pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa.

Lero okoka galasilo ndi makina. Mikanda yapamwamba imachokera kuchigawo cha Jablonec nad Nisou ku Czech Republic ndi ku Hiroshima ku Japan, kumene kuli makampani a Miyuki ndi Toho. Yotsika mtengo yambiri ndi ya ku China ndi ku India. Pa paketi pamalembedwa nambala, ndipo nambala ikamakula mkanda umachepa: 6/0 ndi wa mamilimita ngati anayi, 11/0 ngati awiri, 15/0 ngati imodzi ndi theka. Ya ku Japan imafanana ndendende ndipo bowo lake n'lalikulu, singano imatha kudutsamo kangapo. Yotchipa ija m'paketi imodzi mumakhala wonenepa, wowonda, wopindika ndi wopanda bowo. Sindikuinyoza ayi. Pa nalimata wa waya kusiyanako sikuoneka, kumamupatsanso khungu lokakala lomuyenera. Koma pa lamba wolukidwa mizeremizere, kapena pa kamphasa koikapo kapu, mkanda umodzi wonenepa umakhotetsa mzere wonse.

Galasi lopangidwa mu Africa momwe muno liliponso. A Krobo a ku Ghana amasinja mabotolo osweka mumtondo wachitsulo mpaka akhale ufa, n'kuuthira m'zikombole zadothi zokhala ndi timaenje. Pakati pa kadzenje kalikonse amazikapo phesi la tsamba la chinangwa. M'ng'anjo ufawo umagwirana, phesi lija limapsa, ndipo pamene linali pamatsala bowo. Mikanda yake ndi ikuluikulu, yosawala kwambiri, yokakala pang'ono m'manja, ndipo Lachinayi lililonse imadzaza msika wa ku Koforidua. Chinangwa tili nacho, mabotolo ali mbwee kuseri kwa malo omwera mowa, oumba mbiya aliponso. Nthawi zina ndimadabwa kuti luso limeneli silinazike mizu kuno.

Mkanda wa mbewu sufuna ng'anjo, koma umafuna munthu woleza mtima. Mbewu iliyonse iyenera kutoledwa, kusankhidwa, kuumitsidwa ndi kubooledwa payokha. Za lukina amayamba aziwiritsa kuti zifewe, n'kuzitunga ndi singano zisanaumenso. Za msambamfumu ndi za bwemba n'zolimba, zimafuna msomali wamoto kapena kamakina koboolera, ndipo zambiri zimang'ambika ntchito isanathe. Yosavutitsa ndi ya udzu wa m'madambo wotchedwa Coix lacryma-jobi, yotuwa ndi yosalala, imene imamera ili nalo kale bowo: mumangosolola za m'kati, ulusi n'kulowa. M'maiko ambiri Akatolika akhala akupangira korona mbewu imeneyi. Ndipo amene amagula ya mbewu chifukwa ndi ya kuno adziwe kuti udzu umenewu kwawo ndi ku Asia, lukina kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Msambamfumu ndiye mwini nthaka.

Apa mpamene mitengo yake imasiyanirana. Ya galasi imadya ndalama pachiyambi, ndalama zakunja ndithu, chifukwa kwacha ikagwa paketi imakwera tsiku lomwelo. Ya mbewu imadya masiku. Mayi wa kumudzi amene alibe mpamba koma ali ndi mtengo wa lukina kuseri kwa khola angathe kuyamba lero osakongola kwa munthu. Vuto ndi lakuti wogula amadziwa kuti mbewu ndi zotola, ndiye amanenerera ngati kuti kuboolako nakonso kunali kotola.

Tiyerekeze ndi katani wa pakhomo, uja wolendewera pakati pa pabalaza ndi kukhitchini. Khomo likhale lotalika mamita awiri, zingwe zikhale 40. Pamenepo pali mamita 80 oti adzaze. Mkanda uliwonse ukakhala wa sentimita imodzi pafunika 8,000. Akakhala a galasi, obulungika, katani ameneyo alemera makilogalamu pafupifupi 10, chifukwa galasi limalemera kawiri ndi theka kuposa madzi. Akakhala a mtengo wamba, kulemera kwake sikupitirira makilogalamu atatu. Makilogalamu 10 olendewera pa kathabwa kokhomedwa ndi misomali iwiri m'khoma la zidina sachedwa kugwa, ndipo asanagwe amakhala atamenya kale chipumi cha aliyense wodutsa ndi mbale ya nsima. Mukati mutenge ya galasi ing'onoing'ono ija kuti apepuke, pafunika yoposa 40,000, ndipo zingwe zake zimakolana mphepo ikangowomba. Koma mukadula nsungwi zowonda kapena bango m'tizidutswa ta masentimita asanu, zokwana 1,600 zadzaza khomo lonse, ndipo mphako zinabadwa nazo. Pa ntchito yaikulu ngati imeneyi galasi lilibe mawu. Ndi chimodzimodzi pa mikanda ikuluikulu yopachika pakhoma, yokulunga m'khosi mwa mtsuko, kapena yomangira makatani a nsalu.

Pali pena pamene kulemera komweko ndiko kumafunika. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya mayi wodziwa kuluka akukumbukira kansalu kovundikira jagi ya mkaka kapena ya thobwa, kozunguliridwa ndi mikanda m'mphepete. Mikanda ija sanaiikire kukongola kokha. Imakokera kansalu pansi kuti mphepo isakaulutse, ntchentche zisapeze polowera. Mutaikapo ya mbewu kangauluke, komanso tsiku loyamba kukachapa mbewuzo zingatupe. Nsalu ya pathebulo la pakhonde imafunanso galasi m'makona, ndipo mphonje za pa chivundikiro cha nyale zimagwa chowongoka zikakhala zolemera.

Mphamvu yeniyeni ya galasi ili pa mtundu ndi pa kuwala. Mkanda umodzi wa mamilimita awiri si kanthu, koma ikakhala masauzande imajambula. N'chifukwa chake Andebele ndi Azulu amatha kuluka mizere ndi makona osongoka molongosoka chotere, Ayoruba amavindikira nayo zisoti za mafumu, ndipo a Bamileke a ku Cameroon amakuta nayo mipando yathunthu. Anyamata a ku Zimbabwe ndi a kwathu amene amaluka mikango ndi nkhanga za waya pa mphambano za ku Johannesburg ndi ku Cape Town akugwiritsa ntchito mphamvu yomweyo. Mtundu wa galasi labwino uli m'thupi mwake, unalowa lili phala: kobalti amapereka buluu wozama, mkuwa umapereka mtundu wa madzi a m'nyanja, chitsulo chimapereka wobiriwira wa botolo, ndipo golide wochepa kwambiri amapereka wofiirira. Mtundu wotere dzuwa silingauchotse. Mikanda ya pa Mapungubwe ikuonekabe mitundu yake patapita zaka zoposa 700.

Koma si yonse ya galasi ili choncho. Ina, makamaka ya pinki wowala, yapepo ndi yonyezimira ngati siliva kapena golide, inangopakidwa pamwamba kapena m'kati mwa bowo. Imeneyo imasuluka padzuwa, imasupuka ndi thukuta, ndipo pakatha chaka mumatsala ndi galasi lotuwa. Musanasokere mikanda pa pilo kapena pa nsalu yoyera, tapani pang'ono, muviike m'madzi a sopo usiku wonse, ina muisiye pawindo kwa masabata angapo. Yachinyengo idziulula yokha.

Ya mbewu ndi ya mitengo siijambula. Mitundu yake ndi yochepa, ya khofi, yakuda, yotuwa, yofiira apo ndi apo, ndipo siilola kuwala kudutsa. Pawindo imangooneka mdima, pamene ya galasi imamwaza mitundu pakhoma dzuwa likamatuluka. Mukaipaka utoto kuti ipikisane ndi galasi imaluza kawiri: maonekedwe ake achibadwa apita, utotowo n'kudzasulukanso kapena kuthimbiriza nsalu. Ubwino wake uli pakuti uliwonse uli ndi nkhope yake, ndipo umagwirizana ndi zinthu zimene zili kale m'nyumba zathu, dengu, mkeka, chipanda, mpando wa nsungwi, mbiya yosapaka. Uli bwinonso m'manja. Galasi limazizira mu June ku Dedza, limawotcha likakhala padzuwa mu October ku Nsanje. Mtengo sutengera nyengo chotero, ndipo ukamagwiridwagwiridwa umayamba kusalala ndi kuwala. Onani korona wa agogo, kapena tasibihi ya mikanda 33 ya shehe wachikulire ku Mangochi. Oyendetsa matakisi amene amayala chokhalira cha mikanda ya mtengo pampando anazindikira zomwezo: mpweya umadutsa kumsana, ndipo mpando suwotcha ngakhale galimoto itaima padzuwa.

Adani a mkanda wa mbewu ndi omwe aja a m'nkhokwe. Nthawi zambiri kachilombo kamakhala kali kale m'kati, kanaikiridwa dzira mbewu ikadali mumtengo. Mumapachika chokongoletsera chanu chili bwinobwino, pakapita miyezi mumaona ufa pansi pake, mukagwira mbewu imangofumbutuka. Zikafumbwa choncho palibenso chochita. Mankhwala ake ndi kupha dziralo ntchito isanayambe. Kuwiritsa kumathandiza pa mbewu zolola madzi. Njira ina, imene amatsata ngakhale osunga zinthu zakale m'nyumba za chionetsero, ndi kuzimanga m'pepala la pulasitiki n'kuziika m'firiji youmitsa kwa sabata kapena kuposa, zitauma kale bwino. Kenako vanishi kapena phula la njuchi, osaiwala m'bowo, poti chinyontho chimalowera mmenemo. M'madera a mvula yambiri ngati Nkhata Bay, Mulanje ndi Thyolo, chuku chimagwira mbewu ndi nsungwi m'dzinja ngati zili m'chipinda chosapita mphepo. Makoswe nawo sasiyanitsa mkanda wa malambe ndi malambe. Kubafa, pafupi ndi sinki ndi pakhonde lofikako mvula, ya mbewu musaiyese n'komwe.

Galasi silifumbwa, silichita chuku, ndipo likada mumangolitsuka ndi sopo. Kukhitchini, kumene utsi ndi mafuta zimamata chilichonse, ubwino umenewu ndi waukulu. Limasweka, inde, koma ing'onoing'ono ija imapirira kugwa kuposa ikuluikulu. Chofooka chake chenicheni ndi chimene chaigwirizira. Nkhanga ya waya ikakhala panja, waya amachita dzimbiri m'kati mwa mikanda, dzimbirilo n'kuonekera kunja, mapeto ake n'kuthyoka. Mikanda yakalekale ina, imene galasi lake silinasakanizidwe bwino, imatuluka mchere woyera n'kuyamba kung'aluka ikakhala pachinyontho, ndipo amene akusunga ya agogo awo aisunge pouma, osati m'botolo lotseka muli thukuta.

Pali nkhani ina imene ogulitsa ambiri saikamba. Mbewu zina zokongola kwambiri ndi zakupha. Pali chomera choyanga, Abrus precatorius, chobereka timbewu tofiira piriwiri tokhala ndi kadontho kakuda kumutu. N'tofanana kukula kwake moti ku India ankayezera golide. M'kati mwake muli chiphe chotchedwa abrin, chimodzi mwa ziphe zoopsa kwambiri za m'zomera. Kambewu kathunthu kakamezedwa kosatafuna kawirikawiri kamadutsa, chifukwa khungu lake n'lolimba. Koma mkanda ndi mbewu yoboola. Khungu lija latseguka kale, ndipo mwana akamayamwa kapena kutafuna, chiphe chimatuluka. Woboola nayenso ali pangozi singano ikamubaya. Ku Britain mu 2011 makoza a mbewu zimenezi anachotsedwa m'masitolo, ogula n'kupemphedwa kuti awabweze. Nsatsi, zimene mawanga ake amakopa otunga mikanda, zili ndi chiphe chofanana nacho chotchedwa ricin. Mbewu zofiira za muwale nazo si zoika m'kamwa. Ine m'nyumba muli mwana wokwawa sindingalole ndi imodzi yomwe mwa zitatuzi, ngakhale itapachikidwa kudenga, chifukwa chingwe chimaduka tsiku lake ndipo woyamba kutola ndi amene ali pafupi ndi pansi.

Izi sizikuyeretsa galasi. Kamkanda ka galasi kamalowa m'mphuno ndi m'khutu mwa mwana mosavuta, kokulirapo kamatsamwitsa, ndipo utoto wa pa mikanda ina yotchipa umakhala ndi mtovu. Kusiyana kwake n'kwakuti ka galasi adokotala akakatulutsa nkhani yatha.

Amene amati ya mbewu ndi ya mitengo siwononga chilengedwe anena zoona theka. Lukina ndi bwemba zimabereka zochuluka, kutola sikuzipweteka. Nsungwi ndi bango zimaphukanso. Koma msambamfumu ukutha kale ndi macheka, ndipo mbewu iliyonse yolowa pa ulusi ndi mtengo umene sudzamera. Phingo amatenga zaka makumimakumi kuti akule, ndipo amalimbiranidwa ndi opanga zitoliro za clarinet ndi oboe kunja. Kuyambira mu 2017 malonda ake odutsa malire ali pansi pa pangano la CITES. Mkanda wa phingo wosemedwa ku zotsala za wosema ziboliboli ndi wabwino, ndipo umadziwika ndi kulemera kwake, poti phingo weniweni amamira m'madzi. Wambiri wogulitsidwa ndi dzina limeneli ndi mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato, mukaupukuta ndi kansalu konyowa mudzaona. Wogulitsa kwa alendo adziwenso kuti maiko ngati Australia ndi New Zealand amafuna kuti chilichonse cha mbewu kapena cha mtengo chionetsedwe pabwalo la ndege, ndipo angathe kuchilanda. Nkhanga ya galasi imadutsa popanda funso. Ng'anjo ya galasi nayo imadya moto wambiri, ndipo mkandawo umayenda ulendo wa panyanja usanafike ku Limbe, choncho pa mlandu uwu palibe wotuluka m'bwalo manja ali oyera. Amene ayesa njira yapakati ndi monga amisiri a Katundu pa chilumba cha Likoma, odziwika ndi nyale zolendewera za magalasi a mabotolo akale.

Pa chitenje chija pamakhalanso wachitatu wodzibisa, pulasitiki, amene amavala nkhope ya galasi kapena ya mtengo malinga ndi amene akugula. Kumugwira n'kosavuta. Mugogodeni pa dzino: galasi limalira, pulasitiki amangoti phu. Galasi limazizira pa tsaya, ndipo pulasitiki kawirikawiri amakhala ndi kamzere ka chikombole m'mimba. Pa zokongoletsera za paukwati za tsiku limodzi palibe cholakwika. Pawindo amachita chikasu n'kuyamba kuthetheka, ndipo pafupi ndi babu lotentha kapena kandulo asayandikire.

Zokongoletsera zambiri za mikanda, za galasi kaya za mbewu, zimafera pa ulusi, mikanda ikadali yabwinobwino. M'mphepete mwa bowo la galasi lotchipa mumakhala mwakuthwa, ndipo mumacheka ulusi wa thonje pang'onopang'ono nthawi iliyonse chinthucho chikagwedezeka. Galasi limafuna ulusi wa nayiloni wopaka phula, chingwe chowedzera nsomba, kapena waya wosachita dzimbiri ngati n'chokhala panja. Chingwe chowedzera chimauma n'kuthyoka chikakhalitsa padzuwa, ndiye cha pawindo muzichiyang'ana chaka ndi chaka. Mbewu ndi nsungwi sizicheka, koma mabowo ake ndi aakulu ndi osafanana, choncho zimakhala bwino pa chingwe chonenepa cha thonje kapena cha khonje chimene chimadzaza bowo, mikanda isamatsetsereke n'kumasiya mipata kumwamba. Pa katani wa pakhomo mangani mfundo pakatha mikanda khumi iliyonse. Chingwe chikaduka mutola khumi yokha, ndipo kulumikiza kwake ndi ntchito ya mphindi zochepa.